Matenda okhumudwa mwa okalamba odwala matenda amgonagona: pomwe foni ndi makina zimathandiza

Ambiri a ife tinatumizako kumudzi kamakina koyezera BP. Ena tinawonjezera koyezera shuga, foni ya WhatsApp ndi sola yotchajira. Mwezi ukatha timatumiza ya mankhwala ndi ya kabaza wopitira ku kiliniki, ndipo Lamlungu madzulo timaimba foni. "Muli bwanji amayi?" "Ndili bwino, kaya inu kumeneko?" Tikafunsa manambala a pamakina amatiwerengera, ife n'kugona mtima uli m'malo. Koma pali nthenda ina imene imakonda kuyenda limodzi ndi shuga, BP, sitiroko, nyamakazi, khansa ndi HIV, ndipo palibe kamakina kamene kamaionetsa pagalasi. Nthendayi ndi imene madokotala amaitchula m'Chingerezi kuti depression.

Dzina lake ndi maonekedwe ake

M'Chichewa mulibe liwu limodzi limene tonse tinagwirizana. Azaumoyo ena amati matenda okhumudwa, ena amati matenda a nkhawa, ena kuvutika maganizo, ndipo kumudzi mumangomva kuti "agogo akuganiza kwambiri". Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi liwu la Chishona lakuti kufungisisa, lomwe tanthauzo lake ndi lomwelo. Ife m'nkhani ino tiziti matenda okhumudwa.

Si chisoni cha tsiku limodzi kapena cha pamaliro. Madokotala amati munthu akudwala nthendayi ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, wakhala wokhumudwa kapena wasiya kusangalala ndi zinthu zimene ankazikonda, ndipo pamwamba pake pali zina monga kusowa tulo kapena kugona mopitirira, kusafuna kudya, kufooka, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziona ngati wachabechabe ndi kulakalaka imfa. M'chaka cha 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkati anthu pafupifupi 280 miliyoni ali ndi nthendayi, ndipo mwa anthu opitirira zaka 60 ndi pafupifupi 6 pa 100 alionse.

Chovuta ndi chakuti makolo athu satchula za mumtima poyamba. Amayamba ndi thupi: mutu ukulemera, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, nsima sikukoma, tulo timatha tambala asanalire. Agogo amene sankajomba kumvano kapena kudawa amayamba kupeza zifukwa zokhalira pakhomo. Abambo amene ankaweramira wailesi nthawi ya nkhani ndi ya mpira amaisiya pawindo mabatire akutha okha. Ife tikamva zimenezi timati ndi ukalamba, kapena timati ndi shuga yemweyo. Ukalamba pawokha subweretsa matenda okhumudwa. Okalamba ambiri, ngakhale odwala, amasekabe, amakalipirabe adzukulu, amafunsabe mtengo wa feteleza.

Nthendayi imasokonezedwanso ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba, chifukwa munthu wokhumudwa kwambiri amaiwala zinthu ndipo amayankha mochedwa. Kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro ndi mankhwala ena amene munthu akumwa zingathenso kubweretsa kufooka kofanana. N'chifukwa chake wouza munthu kuti akudwala nthendayi ayenera kukhala wachipatala amene wamuona ndi kumuyeza, osati ife pafoni. Ndipo tisaiwale kuti kwathu nkhalamba imene yasiya kulankhula ndi anthu, yodzitsekera m'nyumba, sichedwa kunenedwa za ufiti. Kudziwa kuti ndi matenda kumateteza agogo ku zambiri.

Chifukwa chake zimayendera limodzi

Matenda amgonagona ndi aja osachizika kamodzi n'kamodzi, amene munthu amakhala nawo zaka akumwa mankhwala. Kwathu afala kwambiri. Kafukufuku wa dziko lonse amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi 6 pa 100 anali ndi shuga. Onjezerani apo mbadwo umene unayamba kumwa ma ARV boma litayamba kuwapereka kwaulere mu 2004, umene tsopano ndi agogo.

Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akusonyeza kuti mwa odwala shuga, matenda okhumudwa amapezeka mowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi mwa anthu opanda shuga. Mwa anthu amene anagwidwapo ndi sitiroko, pafupifupi mmodzi mwa atatu amadzadwala nthendayi. Zifukwa zina n'zoonekeratu. Munthu amene ankalima dimba lake tsopano akudikira kuti wina amutungire madzi. Wauzidwa kuti asiye mchere, shuga ndi zonona, achepetse nsima, ndipo akudya payekha zosakoma ena akudya zawo. Miyendo ikuyaka usiku. Ndalama ya mankhwala akupempha kwa ana, ndipo kwa munthu amene analera anawo ndi thukuta lake, kupempha kumawawa kuposa momwe ife otumizafe timaganizira.

Koma msewu wake umapitanso mbali inayo. Munthu wokhumudwa amaiwala mapiritsi kapena amangowasiya, sapita ku kiliniki pa tsiku lake, sayenda, sasamala chakudya. Ofufuza atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri mu 2000 anapeza kuti odwala okhumudwa amalephera kutsatira malangizo a chipatala mowirikiza pafupifupi katatu kuposa anzawo. M'thupi namonso nkhawa yokhalitsa imachulukitsa michere ina, monga cortisol, imene imakweza shuga m'magazi ndi kulemetsa mtima. Choncho shuga akakwera munthu amafooka ndi kutaya mtima, akataya mtima amasiya mankhwala, shuga n'kukwereratu. Tikamaona manambala a amayi akukwera mwezi ndi mwezi chonsecho mankhwala tikugula, funso loyamba lisakhale lakuti "kodi mukudya chiyani?" Mwina vuto lili kwina.

Mafunso 9

Chida chachikulu pa nkhaniyi si makina ayi. Ndi mndandanda wa mafunso 9 wotchedwa PHQ-9, umene unakonzedwa ku America ndipo unafalitsidwa mu 2001. Funso lililonse limafunsa kuti pa milungu iwiri yapitayi chinthu chakutichakuti chakuvutitsani kangati, ndipo yankho limapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 3. Onse pamodzi amafika 27. Mapointi 5 mpaka 9 amasonyeza vuto lochepa, 10 mpaka 14 lapakatikati, 15 mpaka 19 lokulirapo, ndipo 20 kupita m'tsogolo ndi vuto lalikulu. Funso lomaliza ndi la maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, ndipo ilo lokha likayankhidwa kuti inde, wachipatala sayenera kumulola munthu kuchoka asanakambirane naye, kaya mapointi onse ndi ochepa bwanji.

Mafunsowa alipo m'Chichewa. Anayesedwa pa odwala shuga 323 m'makiliniki awiri a ku Lilongwe, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2019. Mwa odwalawo, 18 pa 100 alionse anapezeka ndi matenda okhumudwa aakulu atafunsidwa mozama ndi akatswiri. Mafunso 9 aja anagwira ambiri a iwo koma osati onse. Ndi sefa chabe, yothandiza namwino wotanganidwa kudziwa amene ayenera kukhala naye pansi.

Pali chenjezo lina kwa okalamba. Ena mwa mafunsowa ndi a kutopa, tulo ndi chakudya, zinthu zimene shuga kapena matenda a mtima amasokoneza kale, motero mapointi angathe kukwera mwa munthu amene mumtima ali bwino. N'chifukwa chake m'zipatala zina amagwiritsa ntchito mndandanda wina wa mafunso 15 wokonzera okalamba, wotchedwa Geriatric Depression Scale, woyankha kuti inde kapena ayi, umene sufunsa kwambiri za thupi.

Luso lamakono limalowa apa. Mafunso akakhala m'foni kapena m'tabuleti ya wazaumoyo, makina amawerengetsa okha mapointi, amasunga zotsatira za ulendo wapitawo, amakumbutsa tsiku lofunsanso, ndipo angathe kuchenjeza wamkulu wa kiliniki ngati yankho la funso lomaliza lili loopsa. Papepala zonsezi zimatheka, koma mapepala amatha, amanyowa, amasowa. Chimene makina sangachite ndi kufunsa mwaulemu. Funso lakuti "kodi mumadziona ngati mwakhumudwitsa banja lanu?" likawerengedwa mothamanga pamzere wa anthu, pakhomo pali potsegula, agogo amangoti ayi.

Benchi la ku Mbare

Kupeza odwala n'kosathandiza ngati palibe wowathandiza, ndipo madokotala a matenda a maganizo m'mayiko athu ndi owerengeka pa zala. Yankho lodziwika kwambiri pa vutoli linachokera ku Harare. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anataya wodwala wake wina, mtsikana, amene anadzipha atalephera kupeza ndalama ya basi yobwerera kuchipatala. Mu 2006 anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare, dera lomwe ambiri a ife a ku Zimbabwe timalidziwa bwino chifukwa makolo athu ochokera ku Nyasaland anakhazikika kumeneko kalekale. Anayamba ndi agogo aakazi 14 amene ankagwira kale ntchito zaumoyo m'deralo. Anawaphunzitsa, n'kuwaikira mabenchi a matabwa pabwalo la kiliniki.

Njira yake ndi yosavuta kuifotokoza. Wodwala amakumana ndi agogo maulendo ofika 6. Poyamba amangofotokoza zonse zimene zikumusautsa, agogo akumvetsera, ndipo gawoli m'Chishona amaliti kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo. Kenako awiriwo amandandalika mavutowo, wodwalayo amasankha limodzi loti ayambe nalo, amaganizira yekha njira zolithetsera, n'kusankha imodzi yoti akayese sabata imeneyo. Agogo sapereka malangizo kapena ndalama. Ulendo wotsatira amafunsa kuti zinayenda bwanji. Akamaliza, wodwala amaitanidwa kulowa gulu la anzake lotchedwa Circle Kubatana Tose.

Mu 2016 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchi, 14 pa 100 ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali 50 pa 100. Tinene chilungamo: ambiri m'kafukufukuyu anali amayi achichepere, osati nkhalamba. Koma njira yothetsa mavuto limodzilimodzi imeneyi inayesedwanso pa okalamba kwina, monga tionere m'munsimu. Mafoni anali mbali ya ntchitoyi kuyambira pa kafukufukuyo, polumikiza agogo ndi owayang'anira komanso pokumbutsa odwala, ndipo m'nthawi ya Covid-19 macheza ena anasamukira pa WhatsApp ndi pa kuimbirana foni.

Ku America, kafukufuku wotchedwa IMPACT, wa mu 2002, anatsata anthu 1,801 a zaka 60 kupita m'tsogolo. Theka la iwo anapatsidwa munthu mmodzi, kawirikawiri namwino, woti aziwaimbira foni kapena kukumana nawo, kuwafunsanso mafunso aja nthawi ndi nthawi, kuwathandiza kuthetsa mavuto ndi kudziwitsa dokotala ngati zinthu sizikusintha. Patatha chaka, 45 pa 100 a gululi zizindikiro zawo zinali zitatsika ndi theka, pomwe m'gulu linalo anali 19 pa 100. Kafukufuku wina wa mu 2010, wa odwala 214 a m'chigawo cha Washington amene anali ndi shuga kapena matenda a mtima pamodzi ndi matenda okhumudwa, anapeza kuti namwino mmodzi akamatsata zonse pamodzi, shuga, BP ndi mafuta a m'magazi zimatsika limodzi ndi kukhumudwako. Ku Harare kunali agogo ndi benchi, ku America namwino ndi kompyuta, koma chinthu chimene chinagwira ntchito n'chimodzi: panali munthu wodziwika dzina amene ankabweranso kudzafunsa.

Zimene zilipo kumudzi

Munthu woyamba wa zaumoyo m'mudzi wa ku Malawi ndi mlangizi wa zaumoyo, amene ambiri timangomuti HSA. Ntchito yake yakhala kwambiri ya katemera, sikelo ya ana, ukhondo ndi kulera. Unduna wa Zaumoyo wakhala ukusamutsa kaundula wa alangiziwa kuchoka m'mabuku kupita m'mafoni ndi m'matabuleti kudzera m'ndondomeko yotchedwa iCHIS. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lakhala likugwira ntchito m'bomalo kuyambira 2007, linaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda ena amgonagona kuti wodwala aonedwe zonse tsiku limodzi, ndipo azaumoyo ake oyendera makomo amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni yotchedwa YendaNafe. Izi sizili paliponse mofanana. Dera lina mlangizi amafika pakhomo, dera lina mumamuona pa tsiku la sikelo lokha.

Palinso Chipatala Cha Pa Foni. Chinayamba ku Balaka mu 2011 pansi pa bungwe la VillageReach ngati lamya yaulere ya amayi oyembekezera ndi olera ana, kenako chinakula n'kuyamba kuyankha mafunso a matenda onse, chinafika m'maboma onse 28, ndipo boma linachitenga kuti lizichiyendetsa. Chinadziwika ndi nambala ya 54747 pa Airtel. Oyankha amalangiza ndi kuuza munthu ngati akufunika kupita kuchipatala. Sayeza ndipo salemba mankhwala. Ubwino wake kwa okalamba ndi wakuti n'cholankhula pakamwa m'Chichewa, pafoni ya mabatani, popanda bandulo.

Benchi la ku Mbare lija linafikanso kwathu. Pansi pa ntchito yotchedwa SHARP, makiliniki 10 a shuga ndi BP m'zipatala za m'maboma anayamba kufunsa odwala mafunso a PHQ-9 ndi kupereka uphungu wa pabenchi kapena mankhwala. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2024, zili ndi phunziro kwa aliyense amene amaganiza kuti kuphunzitsa anthu kamodzi ndi kuwasiyira zida n'kokwanira: m'makiliniki amene ankayenderedwa ndi oyang'anira ochokera kunja, oona ntchito ndi kupereka ndemanga, odwala ambiri anatsatidwa bwino ndipo ambiri anachira kuposa m'makiliniki enawo.

Chotero wachibale amene amaperekeza agogo ku kiliniki ya shuga kapena BP angathe kupempha mosaopa kuti, "Adokotala, muwafunsekonso za maganizo, asintha masiku ano." M'zipatala za m'maboma mumakhala anamwino kapena madokotala othandizira ophunzira za matenda a maganizo. Odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma ambiri odwala matenda okhumudwa safunika kugonekedwa, ndipo ndi bwino kuwauza agogo zimenezi poyambirira. Mantha akuti "akufuna kundipititsa ku Zomba" atsekereza pakamwa anthu ambiri.

Makina amene timatumiza

Kamakina ka BP kabwino ndi kovala pamkono pamwamba pa chigongono, osati ka padzanja. Munthu akhale pansi mphindi zisanu asanayeze, atatsamira, mkono uli pathebulo molingana ndi mtima, asakulankhula. Poyezera kunyumba, madokotala ambiri amatenga 135/85 ngati malire, pomwe kuchipatala ndi 140/90. Manambala azilembedwa m'kope ndi tsiku lake, kopelo lizipita ku kiliniki limodzi ndi buku la kuchipatala. Kamakina ka shuga n'kopanda ntchito timapepala take tikatha, choncho tisanagule tifunse ngati timapepala ta mtundu umenewo timapezeka m'mafamase a kwathu.

Makinawa ali ndi mbali ina imene sitiikamba kawirikawiri. Kwa munthu wa nkhawa, kuyeza kasanu patsiku kumawonjezera nkhawayo, nkhawa imakweza BP, ndipo nambala yokwera imamutuma kuyezanso. Ifenso timalakwitsa tikasandutsa foni ya Lamlungu kukhala bwalo la milandu: mwayeza? yakwera bwanji? mwadyanso chiyani? Kholo limene likudziona kale ngati mtolo limaphunzira msanga kutiuza nambala imene tikufuna kumva. Kangati pa sabata kapena pamwezi ayenera kuyeza, anene ndi wachipatala amene amawaona.

M'kope lomwelo mungathe kuwonjezera mzere wina: agona bwanji, adya bwanji, atuluka panja kapena ayi, acheza ndi ndani. Mdzukulu wa sitandade 6 angathe kulemba zimenezi. Patatha mwezi, tsambalo limauza namwino zambiri kuposa "ndili bwino".

Za foni, tikumbukire kuti maso ofooka ndi shuga saona zilembo zing'onozing'ono, ndipo zala za nyamakazi sizigwirizana ndi galasi logusa. Uthenga wa mawu umaposa wolemba. Kuonana pa vidiyo kumationetsa zimene mawu amabisa: kuwonda, tsitsi losapesa, chitenje chomwecho cha sabata yatha, nyumba yamdima masana. Alamu ya pafoni imathandiza kukumbutsa mapiritsi, koma munthu amene wasiya mankhwala chifukwa chotaya mtima sanaiwale, ndipo alamu amangoizimitsa. Mapulogalamu a pafoni olonjeza kuchiza maganizo alipo ochuluka, ambiri ndi a m'Chingerezi ndipo ndi ochepa amene anayesedwa mokwanira. Ngakhale oyesedwawo amathandiza kwambiri pakakhala munthu wotsatira wodwalayo.

Ndiye pali nkhani ya chinsinsi. Foni imene tinagulira agogo kawirikawiri imakhala m'thumba la mdzukulu kapena mlamu, ndipo tikaimba amaika pa sipika banja lonse likumvetsera. Palibe kholo limene linganene kuti "moyo wanditopetsa" pamaso pa mpongozi. Tizipempha kuti foni aipereke m'manja mwawo, ena apite panja. Zotsatira za kuchipatala ndi zithunzi za odwala tisaziponye pagulu la WhatsApp la banja eni ake asanavomere.

Kafunsidwe nakonso n'kofunika. "Muli bwanji?" ndi moni, ndipo yankho lake limadziwika. "Usiku wathawu munagona nthawi yanji?" "Kutchalitchi munapita ndi ndani?" "Mayi a kuseri aja anabwerako sabata ino?" ndi mafunso ofuna yankho lenileni. Tikafunsa tidikire, ngakhale mayunitsi akutha. Kuimba kwa mphindi zisanu katatu pasabata, pa nthawi yodziwika, kumapatsa munthu choyembekezera kuposa ola lathunthu kamodzi pamwezi. Ana athu obadwira kuno, ngakhale Chichewa chawo chili chothyokathyoka, ali ndi mwayi umene ife tilibe: agogo amawamasukira. Mdzukulu akafunsa dzina la ndiwo inayake, kapena kuti mudzi unayamba bwanji, amabwezera agogo udindo wa munthu wodziwa zinthu, umene matenda anawalanda.

Mankhwala

Vuto likakhala lochepa kapena lapakatikati, uphungu ndi kubwerera pang'onopang'ono ku zochita za tsiku ndi tsiku zimakwanira kwa ambiri. Likakula, dokotala angawonjezere mankhwala. M'zipatala za boma kwathu opezeka kawirikawiri ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Onsewa sagwira ntchito tsiku lomwelo: pamatenga milungu iwiri mpaka 6 kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo amayenera kupitiriza kwa miyezi yosachepera 6 atachira. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire ndi kusowa mtendere, komanso nthenda imabwerera.

Amitriptyline amafuna kusamala kwambiri mwa okalamba. Amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, amavutitsa kukodza makamaka abambo, amachititsa chizungulire poimirira moti munthu angathe kugwa, ndipo sagwirizana ndi matenda ena a mtima. Amaperekedwanso pa mlingo wochepa kwa odwala shuga omva kuyaka miyendo, choncho kuwaona m'thumba la agogo sikutanthauza kuti akuchizidwa matenda okhumudwa. Fluoxetine angathe kusintha kuchuluka kwa shuga ndi mchere wa m'magazi. Dokotala ayenera kuona mapiritsi onse amene munthu akumwa, kuphatikizapo a zitsamba. Ife tisatumize kumudzi mankhwala a maganizo otsala kwa ife kapena ogula kuno popanda dokotala wa kumeneko kudziwa.

Makolo amene tili nawo kuno

Si agogo onse ali kumudzi. Ena tinawaitana kudzalera adzukulu ku Leeds, ku Johannesburg kapena ku Indiana, ndipo amakhala m'nyumba yotseka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, opanda woyandikana naye womupatsa moni m'chinenero chawo. Ena anakalambira m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe, anzawo a msinkhu wawo atatha, kwawo atakusiya zaka makumi ambiri zapitazo. Kusungulumwa kotere kukakumana ndi shuga kapena BP, chiopsezo n'chachikulu.

Ku England, munthu amene analembetsa kwa GP angathe kudzilembetsa yekha ku NHS Talking Therapies, pa intaneti kapena pafoni, osadikira kalata ya dokotala, ndipo uphunguwo ndi waulere. M'madera ambiri muli aphungu oona makamaka za anthu a matenda amgonagona. Womasulira amapemphedwa, ndipo ndi bwino kumupempha kusiyana ndi kuti mwana kapena mdzukulu amasulire, chifukwa pali zinthu zimene kholo silinganene kudzera pakamwa pa mwana wake. Ku South Africa poyambira ndi kiliniki yomwe amalandirira mankhwala a mwezi ndi mwezi, ndipo bungwe la SADAG limapereka uphungu pafoni. Ku Harare ndi madera ena a Zimbabwe, mabenchi aja amapezeka pa makiliniki ambiri.

Zipatala za kuno zasamutsira zambiri pa intaneti: kupangana tsiku, kuitanitsa mankhwala, kuona zotsatira. Kholo limene siliwerenga Chingerezi limatsala panja pokhapokha wina akhale nalo pansi. Ntchito imeneyi achinyamata a m'nyumba amaitha bwino, bola azichita pamodzi ndi agogo, foni ili pakati, osati kuwachitira kuseri.

Pamene sitiyenera kudikira

Mawu ngati "bola ndingofa", "ndakutopetsani", "simudzavutikanso nane" asatengedwe ngati kudandaula kwa ukalamba. Chimodzimodzi kugawa katundu mwadzidzidzi, kukana chakudya ndi madzi, kusiya dala insulin kapena ma ARV, kapena kusunga mapiritsi ambiri pamalo amodzi. M'mayiko ambiri abambo okalamba ndi amodzi mwa magulu amene amadzipha kwambiri, ndipo kawirikawiri sachenjeza kawiri. Kufunsa mosapita m'mbali kuti "kodi mukuganiza zodzipha?" sikuika maganizowo mwa munthu, kafukufuku wasonyeza zimenezi mobwerezabwereza, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Yankho likakhala inde, kapena tikakayika, munthuyo asasiyidwe yekha, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mapiritsi asungidwe ndi munthu wina amene aziwapatsa a tsiku limenelo okha. Kumudzi, mankhwala a mbewu, a m'nkhokwe ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba ndi kutsekeredwa kwina. Ku Britain nambala ya ngozi ndi 999, ya NHS ndi 111, ndipo a Samaritans amayankha usana ndi usiku pa 116 123. Ku America ndi 988. Ku South Africa, SADAG ili ndi nambala ya 0800 567 567.

Kwa amene makolo ali kumudzi, nambala zofunika kwambiri si za mabungwe. Ndi za anthu awiri kapena atatu okhala pafupi amene angafike pakhomo pa mphindi khumi: woyandikana nawo nyumba, mkulu wa mpingo kapena shehe, mlangizi wa zaumoyo wa deralo, ndi wa njinga yamoto amene amayankha foni usiku. Nambalazi tizitenge tikapita kutchuthi kapena tizipemphe sabata ino, tiwauze eni ake chifukwa chake tikuzifuna, ndipo abale onse amene ali kunja akhale nazo.